Valavu Yovala Chipewa

Lolemba

Chisanu chafika. Kudimba udzu wayera mbee, masamba a matimati ayamba kupsa m'mphepete. Mankhwala ake ndi amodzi: madzi azitsegulidwa dzuwa lisanatuluke. Wotsegula mpopi, chaka ndi chaka, ndi a Namwale, akazi anga. Ine ndimangomva chitseko ndili m'bulangete. Koma chaka chino akutsokomola, chifuwa chakana kuchoka, ndipo ndili ndi nkhawa.

Ndiye ndalumbira: pofika Lamulungu a Namwale sadzukanso m'mamawa. Ntchitoyi igwire ndi valavu.

Misozi, mwana wathu wa ku Lusaka, anatumiza ziwiri. Amisiri amati solenoidi. Ndi kampopi ka magetsi: kawotchi kakalamula, waya wa m'kati amasanduka maginito, amakoka kachitsulo, madzi a m'thanki n'kudutsa. Masana imagwira ntchito ngati yolipidwa. M'mamawa kukazizira imangoti tha! tha! osatseguka.

Zofunika: batire, waya, tepi, mutu. Zoyambazo ndagula ku Katete. Chomalizacho ndinaphunzitsa nacho sayansi mpaka kupuma ntchito.

A Namwale akuti, "Aphunzitsi, chitani zanuzo, koma matimati anga mundisamalire."

Lachiwiri

Mmisiri weniweni sayesera katundu pa chisanu cha ana. Valavu ikapirira ayezi, kachisanu ka kuno ku Mkaika n'kachiyani? Ndadzaza imodzi madzi, ndatseka mbali zonse, ndaiika mufiriji yathu yaikulu. Muli nkhuku za amayi a Chigwirizano a kutchalitchi kwathu, za ukwati wa Loweruka. Ndaipezera malo pakati pa ziwiri zonenepa. Sindinauze munthu.

Masana. Ndaitulutsa, ndalumikiza batire. Ikutseguka bwino zedi! Ndavina pang'ono, poti panalibe woona.

Kenako ndazindikira kuti magetsi anathima nditangotseka chivundikiro. Ndaibweza kwa anzake.

Lachitatu

Magetsi abwera, agwira ntchito yawo. Valavu yang'ambika pamimba, ayezi watuluka ngati lilime. Madzi akaundana amafufuma. Ndine ndemwe ndinkalemba zimenezi pabolodi, uku ndikukalipira ana ogona m'kalasi.

Choipa n'chakuti aipeza ndi a Namwale, pamaso pa amayi odzaona nkhuku zawo. Aitukula ndi zala ziwiri. "Nanga iyi, amayi, anabweretsa ndani? Ilibe ndi miyendo yomwe." Amayi aseka mpaka kukhala pansi. Ine ndalowa m'khola la mbuzi ngati muli ntchito yofulumira.

Madzulo a Namwale andipatsa tiyi wa shuga wambiri. Bola akanakalipa.

Yatsala imodzi.

Lachinayi

Firiji ayi. Ndamasula yotsalayi, ndipo adani ndawapeza:
kamphira ka m'kati, kamene kamauma gwa kukazizira;
kasipuling'i kolimba mopitirira;
batire, yaulesi m'mamawa ngati mwini wake.

Kamphira ndakadzoza mafuta odzola a a Namwale. Kasipuling'i ndakadulako pang'ono kuti kafewe. Batire ndaikulunga m'thumba.

Mlamu wanga wa ku Vubwi wadutsa ndi mtolo wa zitenje panjinga yamoto. Akuti ku Mozambique savutika chonchi, amangoyatsa mankhusu m'dimba, utsi n'kuthamangitsa chisanu. Ndamufunsa kuti woyatsayo amadzuka nthawi yanji. Wayamba nkhani ya mitengo ya thonje.

A Namwale atulutsa kachipewa ka ulusi kamene analukira mdzukulu koma kanamuchepa. Aveka valavu okha, amangirira bwinobwino. Akuti mlendo asadwalire pakhomo pathu. Ndikudziwa akundiseka. Koma mfundo yake amanga mosamala, ndipo mtima wanga wakhala m'malo.

Lachisanu

Yatseguka! Yokha! Ndinawauza a Namwale kuti asadzuke, sanamvere, apita kukaona, abwera akuti madzi akuyendadi. Ndatumiza chithunzi kwa Misozi. Ndauza mlamu, ndauza abusa, ndauzanso munthu wina amene amangofunsa njira ya ku Sinda.

Tapita kumsika ku Katete tonse awiri. Ndikuyenda ngati ndapanga ndege. Ndawagulira chitumbuwa chachikulu.

Madzulo. Kutseguka inatsegukadi. Kutseka ndiye ayi. Madzi onse amene pampu yathu ya sola yakweza lero kuchokera pachitsime angodutsa, thanki ilibe ndi dontho lomwe. Mabedi akumunsi asanduka dambo, abakha a aneba akusambiramo mosangalala. Kamphira kafufuma ndi mafuta aja. Kasipuling'i kodula kalibe mphamvu zokankha.

Misozi wayankha: "Adadi ndinu injiniya!" Foni ndaiika chafufumimba.

Loweruka

Ndadzidzimuka, pabedi ndili ndekha. Ndawapeza kudimba, kheni m'manja, akutunga pachitsime kuthirira mabedi akumtunda. Chitenje chanyowa mpaka m'mawondo. Akutsokomola, akupumira, akupitiriza. Lolemba ankangopotokola mpopi. Lero akusenza madzi, chifukwa cha nzeru zanga. Zandipweteka kwambiri, ndipo ndachita manyazi. Ndalanda kheni. Kodi imalemera chonchi?

Kuukwati ndakhala kumbuyo. Mayi wogawa chakudya wandifunsa mwaulemu wonse ngati aphunzitsi akufuna nkhuku ya miyendo kapena yopanda. Mbiri yafika patali.

Pobwerako ndayesa komaliza. Ndatsuka kamphira, ndaika babu la galimoto pambali pa valavu kuti izimva kutentha. Batire yatha dzuwa lisanalowe. Chipewa chawauka mbali imodzi. Valavu ikudontha, ili phee.

Basi.

Lamulungu

Valavu ndinaichotsa dzulo lomwe, ndinabwezera mpopi wakale wachitsulo.

Ndadzuka kusanayere. Jekete, jombo, tochi. A Namwale atembenuka kuti adzuke, ndawauza kuti gonani. Sanatsutse n'komwe. Anatopadi.

Njira ya kudimba imatalika kukazizira. Mame alowa m'jombo, sindikudziwa alowera pati. Mpopi ukuluma zala. Ndapotokola, madzi ayenda, ndaima chiimire kudikira, mphuno ikuchucha. Ndatseka. Zaka zonsezi ankaima pano okha, ine ndikuti ndi kantchito kakang'ono.

Ndafika kunyumba dzuwa litatuluka. Akugonabe, kukamwa kuli yasa. Chikwatirane sindinaonepo nkhope yawo ili m'tulo kunja kutayera. Ndayenda monyang'ama, ndatereka madzi a tiyi, zala zikukana kugwira machesi. Kutchalitchi tichedwa. Abusa apirire.

Ndalowa ndi makapu. Atsegula diso limodzi, andiyang'ana ndikunjenjemera pakhomo.

"Mawanso, aphunzitsi?"

Ndati mawanso, mpaka chisanu chithe. Akoka bulangete, atembenukira kukhoma. Tiyi ndamwa ndekha, makapu onse awiri.