Ufa wa Malemu Unathera M'mwamba

Zithunzi za ukwati wa mwana wanga Tadala zilipo zambiri, koma ine ndikuoneka pa chimodzi chokha, ndipo chimenecho sitipachika pakhoma. Lero ndati ndiulule. (Ine cholembera sindinachigwirepo chibadwire. Akulemba ndi Tadala yemweyo, ndipo ndamuuza kuti akadumpha mawu ndidziwa, dzanja lake ndikuliona.)

Ndinabwera kuno ku Mangalande patatha zaka ziwiri chiyambire matipate kwathu. Bambo a Tadala anali atangotisiya kumene, chimanga chawo chili m'nkhokwe. Ali gone pamphasa anandiuza kuti, "Ukwati wa mwanayo ine sindiuona. Mukatenge ufa wa chimanga changachi. Wina mukadzithire kumutu povina, wina mukamupake mwanayo pachipumi, adziwe kuti bambo ake anavomera." Ndinakonola ndekha, kuviika, kusinja, kuyanika. Ufawo ndinaumanga pakansalu n'kuubisa pamimba mkati mwa chitenje, kuchoka ku Dedza mpaka ku Handsworth kunyumba kwa Tadala, osauza munthu.

Tsiku lina Tadala pochokera kuntchito kwake kuchipatala anabwera ndi timabuku tazithunzi n'kutiyala pathebulo.

"Amayi, malo aukwati musankhe ndinu. Adadi kulibe, ndiye pamene muloze ndi pomwe tibukitse."

Munthu wanzeru akanafunsa kuti zalembedwazi zikuti chiyani. Koma akamwini anga aMbewe anali pomwepo, munthu wa madigiri awiri, ndipo sindinafune kuti aone apongozi awo atagwira pepala chozondotsa. Ndinavundukula pang'onopang'ono, milomo ikugwedera ngati ndikuwerenga. Kenaka ndinaona chinyumba chamiyala, chansanja ngati tchalitchi cha kumishoni, maluwa mbali zonse.

"Apa," ndinatero.

Tadala anayang'ana aMbewe. AMbewe anayang'ana pansi.

"Mwaonetsetsa, amayi? Kumeneko ndi kupaki yamasewera."

"Ukwati wopanda masewera ndi maliro, mwanawe." (Ine m'mutu munali chimtali.)

Loweruka laukwati tinakwera basi patchalitchi chathu ku Smethwick, anthu akwathu, ena a ku Zambia, ndi anzawo a aMbewe a ku yunivesite atavala masuti obwereka. Tinaimba njira yonse. Titangotsika ndinamva kukuwa, osati kwa munthu mmodzi ayi, kwa khamu, ngati nyumba yapsa ana ali mkati. Poyang'ana kumwamba ndinaona anthu pa kanjanji kopindikapindika, miyendo m'mwamba, mitu pansi.

"Alakwa chiyani amenewo?" ndinafunsa mayi Zulu, mnzanga wa ku Chipata amene timakhala benchi imodzi kutchalitchi.

"Alipira okha, amama. Si ndimwe munasankha?"

Ndinamwazamwaza maso. Chinyumba chija chinalipo ndithu, koma chitazunguliridwa ndi misala.

Mwambo utatsala pang'ono kuyamba, ndinati ndipite kuchimbudzi ndikamasule kansalu, ufa ukhale pafupi. Mayi Zulu anati andiperekeze, ine ndinakana. Munthu wolera ana asanu ndi awiri saperekezedwa kokataya madzi. Ndinalowera khomo lina, kutulukira lina, kansalu kali m'manja, mfundo nditaimasula kale theka.

Potuluka ndinakumana ndi chilombo. Chachitali kuposa chitseko, ubweya thupi lonse, mutu ngati mtsuko, maso osaphethira. Ine ndine Mchewa, ndinakulira pafupi ndi dambwe, mwambo ndimaudziwa. Ndinapatuka, kugwada, kuyang'ana kumbali, n'kuponya kandalama pansi. Mumtima ndikuti, gule kwathu amatuluka pamaliro, nanga pano wadzatani? Kapena malemu akwiya ndi malo ndasankhawa?

M'malo motola ndalama n'kupitirira, chilombocho chinatambasula manja kubwera kudzandikumbatira. (Tadala akuti chinali choseketsa ana ndipo mkatimo mumakhala munthu. Ndamuuza kuti zimenezo mkazi sanena.)

Ndinaliyatsa liwiro, nsapato zaukwati zikundiluma, mpaka ndinapeza mzere wa anthu n'kudzilowetsa pakati. Kwathu ukaona mzere umayamba waima, kufunsa pambuyo. Shuga tinkagula choncho. Mzerewo unkalowa m'khomo lamiyala, ndiye ndinati ndi waukwati basi, azungu amva kuti kuli mpunga. Unakhotakhota ngati njira ya mbewa, nthawi ikupita. Kumapeto kwake kunali kamdima ngati m'tchalitchi. Mzimayi wa yunifolomu anandifunsa zinazake akuloza pamtima pake. Chingerezi changa ndi mawu awiri, ndinapereka onse: "Yesi, thenkyu." Anandikhazika pabenchi n'kunditsitsira chitsulo pamapewa. Ndinati koma azungu ulemu, akuopa kuti nkhalamba ingagwe ikamasinza pa ulaliki.

Benchi inayamba kuyenda.

Inatuluka panja n'kumakwera pang'onopang'ono, ikulira kuti ke-ke-ke, mpaka ng'ombe za m'minda zinaoneka ngati nyerere. Pansi, pa kapinga wa kutsogolo kwa chinyumba chija, ndinaona kadontho koyera pakati pa anthu akwathu. Anali Tadala atavala velo, akutembenukira uku ndi uku. Amafuna ine. Ndinatsegula pakamwa kuti ndimuitane, benchi n'kugwera pansi.

Za kumeneko sindingazilongosole bwino. Ndinaitana Yesu. Ndinaitana amayi anga. Ndinaitana ndi malemu omwe, dzina lawo lenileni, limene sindinalitchulepo zaka makumi anayi tili pabanja. Benchi itatembenuka chadodolido, manja anathamangira kuchitsulo, kansalu n'kutambasuka ngati mbendera. Ufa wonse fuu, kumaso kwanga, m'mphuno mwa azungu a kumbuyo, wotsala n'kupita ndi mphepo.

Ndinatsika chokwawa, duku palibe, nsapato imodzi, thupi lonse mbuu. Azungu ena akutsokomola, ena akuseka, ana awo akundiombera m'manja poyesa ndine mnzake wa chilombo chija. Antchito ananditengera m'kachipinda ka odwala n'kundipatsa tiyi wa shuga wambiri. Anafunsa, anafunsa, ine "Yesi, thenkyu."

M'menemo ndi momwe anandipeza aMbewe, tayi ili pambali, mphete ili kale kuchala. Wa boma womangitsa ukwati anadikira ndithu, koma kumbuyo kunali ukwati wina, ndiye ana analumbira popanda ine. Mkamwini amene ndinkamulankhula nditayang'ana kumbali, tsiku limenelo anandibereka kumsana, ufa ukuyoyokera pa suti yake, paki yonse ikuona.

Ananditula kuseri kwa holo, ndipo Tadala anatuluka maso ali psu.

"Munali kuti, amayi? Mpando wa adadi wopanda munthu, wanunso wopanda munthu. Ndalumbira ndikuyang'ana mipando."

Ndinamuonetsa kansalu kopanda kanthu. Ndinamuuza mawu a bambo ake, amene ndinabisa kuti ndidzamusangalatse patsikuli. Ndinamuuzanso kuti pathebulo paja ndinangoona miyala ndi maluwa.

"Ndimadziwa kuti simuwerenga, amayi, ndine mwana wanu. Koma munaloza ndi mtima wonse. Ine ndimafuna kutchalitchi kwathu ku Smethwick komwe kuja. Ndinaopa kukutsutsani muli ofedwa."

"Nanga bwanji sunanene?"

"Nanga inu bwanji simunafunse?"

Tinakhala pansi tonse awiri, iye ndi velo wake, ine ndi nsapato yanga imodzi, tikulira ngati maliro afika lero. M'holo limba likuimba, kumwamba anthu akukuwabe. Ndinakanda kansaluko ndi chikhadabo pamene panali mfundo, osapeza ngakhale wodyetsa nyerere. Apo Tadala anandiyang'anitsitsa n'kuyamba kuseka misozi ikutsika.

"Koma kumutu mwadzithira ndithu, amayi. Mbali imeneyo adadi sangadandaule."

Anandigwira makutu onse awiri ngati mmene ndinkamugwirira ali khanda, n'kugunditsa chipumi chake pa changa, kupukusa pang'ono. Atachoka, pachipumi pake panali payera. Tinalowa m'holo choncho. Mayi Zulu anaimba nthungululu, ine ndinayesa kuthandiza koma mawu anali atathera kumwamba kuja.

Mwina mukuti ndinaphunzira kufunsa. Mwezi watha ndinaima pamzere ku Cape Hill mpaka miyendo kuwawa, ndipo unali wa anthu obetcha mahatchi.

Chithunzi ndanena chija anagula ndi aMbewe. Pa kanjanjiko pali makina amene amajambula munthu pa nthawi yoipitsitsa ya moyo wake. Ndikuoneka pakamwa yasa, mano anga onse asanu poyera, ndipo pamwamba pa mutu wanga pali kamtambo koyera. Ndimachisunga m'Baibulo langa la Chichewa, loti nalonso sindiliwerenga. Adzukulu akachipeza amaseka mpaka kugubuduka, akulankhula Chingerezi chawo. Ine sindiyang'ana pakamwapo. Ndimayang'ana kamtamboko. Munda wonse wa bambo a Tadala, chimanga chawo chomaliza, ndi pokhapo chikuoneka.