Mmene a Kamtedza Anagulitsira Loweruka Lawo

Mwambi uwu unayamba motere, ana inu, ndipo unayambira pa malonda. Ena adzakuuzani kuti ndi wakalekale, wa makolo. Asiyeni, iwowo kunalibe. Ine ndakalambira pamsika, ndipo chimene ndinaphunzirapo n'chakuti wogulitsa akakumwetulira n'kunena kuti “ingotengani,” thumba lako uziligwira ndi manja awiri. Tsono tamvani malonda ake: mkazi anauza mwamuna wake kuti amupatsa masiku onse a Loweruka mpaka imfa, azikasewera gofu, iye osatsegulanso pakamwa. Mwamunayo anavomera asanafunse mtengo.

Mwamunayo anali a Kamtedza, manijala wa fakitale ya tiyi kumapiri a ku Thyolo uko. Anali munthu wabwinobwino. Sankaledzera, sankayenda njira zamseri, ya ndiwo ankasiya. Nthenda yawo inali imodzi: gofu. Kwa inu amene simunamuone, gofu ndi masewera oti munthu wamkulu, wa ndevu zake, amamenya kampira koyera ndi ndodo n'kumakalondola, akakapeza n'kukamenyanso, mpaka kagwere m'kadzenje. Kakagwera amakatola yekha n'kuyambiranso kwina. Wopambana ndi amene wamenya kochepa. Ndiye kuti katswiri weniweni ndi amene watsala kunyumba osamenya n'komwe, koma zimenezo a Kamtedza sankafuna kuzimva.

Akazi awo anali Nanzunga, mwini shopu ya zitenje pa boma, mayi woti ukalowa kukagula chitenje chimodzi umatuluka ndi zitatu uku ukumuthokoza. Gofu sankamuda, komanso sankaona chomukondera.

Mukudziwa kuti kwathu kuno Loweruka lili ndi eni ake: maukwati, zinkhoswe, ziliza, misonkhano ya banja. Konseko Nanzunga ankapita okha, atanyamula mphatso kudzanja ili, bodza kudzanja linali. “Abambo atanganidwa ku fakitale.” Madzulo akabwera atatopa ndi kuvina ndi kugwada, ankapeza a Kamtedza akuwadikira ndi nkhani za dzenje loyamba, lachiwiri, mpaka lomaliza.

“Pa kalabu yonse ya gofu ija, make Lonjezo, wondiposa ine ndi mmodzi yekha, nayenso ndi mwayi chabe.”

“Zikomo, bambo.”

“Mukanakhala mkazi wokonda gofu, bwenzi banja lino likukoma ngati uchi. Ndimapempherera chimenechi.”

Zoona zake, mipira ya a Kamtedza ndi imene othyola tiyi ankaipeza m'minda kawirikawiri kuposa ya wina aliyense. Koma kunyumba kulibe mboni.

Tsiku lina pakhomo panafika amayi a kutchalitchi, achilendo m'deralo, atanyamula sopo, mchere ndi shuga. Anakhala pamkeka nkhope zili zachisoni.

“Tikuyendera amayi amasiye,” anatero wamkulu wawo. “Takhala tikukuonani nokha paliponse. Pepani, tachedwa kumva. Bambo anatisiya liti?”

“Loweruka lililonse,” anayankha Nanzunga.

Sopo uja analandira, pakuti wamalonda sabweza katundu waulere. Alendo atapita anatsitsa sutikesi pamwamba pa wodilopu, n'kulongedza, n'kuitanitsa ankhoswe.

Mlandu unakhala Lamulungu masana, poti Loweruka wolakwa sakanapezeka. Kuchikazi kunabwera a Malikebu, malume a Nanzunga, nkhalamba yolankhula pang'onopang'ono ngati ikutafuna chingowe. Kuchimuna kunabwera a Sikelo, akulu awo a Kamtedza. A Malikebu anaika sopo patebulo.

“Mkamwini, sopo uyu ndi wa maliro anu. Tati timve kwa mwini wake. Muli moyo?”

“Ndili moyo, amalume.”

“Nanga anthu amakuonerani kuti?”

A Kamtedza anayamba kufotokoza kuti gofu amawongola msana, kuti mabwana amakumana kumeneko, kuti mpweya wake ndi wabwino. “Vuto si gofu ayi. Vuto n'lakuti mayiwa sanamulawe. Akanangomukonda, bwenzi inu lero mukupuma kwanu.”

Nanzunga anawasiya amalize. “Sutikesi yanga ili kuseri kwa chitseko icho, ndipo basi ya kwathu imadutsa m'mawa. Koma ine sinditseka shopu kasitomala asanamve mtengo womaliza. Tisewere kamodzi, inu ndi ine, ankhoswe akuwerenga. Mukapambana, Loweruka ndi lanu mpaka imfa, sutikesi ndimasula, amayi a sopo aja akabweranso ndizingowathokoza. Ndikapambana ine, wogawa Loweruka pakhomo pano ndidzakhala ine.”

A Sikelo anakanda mng'ono wawo pabondo. “Achimwene, funsani kaye kuti kugawako n'kutani.”

“Ndifunse chiyani? Munthu sanagwirepo ndodo chibadwire. Ndavomera.”

“Katsala kanthu kamodzi,” anatero Nanzunga. “Munandiuza nokha kuti pa gofu katswiri amapatsa wophunzira pulaizi, monga timaonjezera tomato pamulu, kuti mpikisano ukhale wachilungamo. Inu paja wokuposani ndi mmodzi yekha. Ndiye pa dzenje lililonse, kumenya kwanga kutatu kusawerengedwe.”

Apa a Kamtedza anakodwa. Ku kalabu kuja iwowo ndi amene ankalandira pulaizi kwa anzawo. Koma kuti atsitse mtengo, anayenera kuulula pamaso pa amalume kuti nkhani zonse za madzulo zija zinali zopeka. Bodza lonena kuchipinda limakalipiritsa pabwalo.

“Kutatu?” anaseka mokakamiza. “Ngakhale kunayi.”

“Mwamva, amalume? Kunayi.”

Ana inu, pa moyo wanga wonse wa pamsika, kasitomala wokweza yekha mtengo ndinamumva ameneyu basi.

“Koma tidikire mvula,” anaonjezera a Kamtedza, pofuna nthawi yokonzekera. “Panopa bwalo lauma gwa, mpira ukungodumpha ngati chiwala. Udzu ukafewa mudzaona chimene ndimanena.”

Unali mwezi wa Okutobala. M'mawa uliwonse a Kamtedza ankatuluka panja n'kuyang'ana kumwamba. “Igwe, igwe, anthu andidziwe.” Masewera akawavuta ku kalabu, mlandu unali wa dzuwa. Mvula yokha ndi imene inkawachedwetsa kukhala katswiri.

Nanzunga anapempha ndodo imodzi yokha, yaifupi, imene amuna awo ankainyoza. Akatseka shopu ankapita pa bwalo la sukulu n'kumamenya kampira: kho, kapite apo pali mtengo wa mango, kho, kapite apo pali mjigo. Sankabisa. A Kamtedza anawapezapo tsiku lina n'kuseka mpaka kugwira galimoto.

“Make Lonjezo, mpira umafuna kuuluka, uzioneka kumwamba!”

“Kumwamba kuli dzenje?”

Mvula inabwera, ndipo inabwera ngati yaitanidwadi. Inagwa sabata yathunthu osapuma. Pofika Loweruka la mpikisano bwalo la gofu linali ngati dimba la mpunga, katondo ali phalaphala pansi pa udzu. M'galimoto popita, a Kamtedza anaphunzitsa ankhoswe malamulo onse mwaulemerero, kuphatikizapo lakuti mpira ukasowa, mwini wake amamuonjezera chilango. Atatsika, a Sikelo anaponda pansi, nsapato n'kumira.

“Alamu, bwanji tisinthe tsiku?”

“Afunseni achimwene anu,” anatero Nanzunga. “Ine sindinaitane mvula.”

A Kamtedza anayang'ana pakhonde la kalabu, pamene anzawo amene anaopa matope anali atakhala ndi mabotolo, maso onse ali kuno. “Tisewera,” anatero.

Anatulutsa ndodo yaikulu, ya mutu ngati chibakera. Anazungulira nayo, n'kumenya. Kunena zoona mpira unauluka bwino, a Malikebu mpaka anavula chipewa. Unakwera, unakwera, kenaka unatsika molunjika ngati mwala n'kulowa m'matope, zii. Anthu anayi anafufuza, a Malikebu akubaya pansi ndi ambulera ngati akukumba mbewa. Sunapezeke.

“Mkamwini, paja munati ukasowa timaonjezera?”

“Munamva bwino, amalume.”

“Ndimafuna ndisakulakwireni.”

Nanzunga anavula nsapato n'kuziika m'jumbo, anamanga chitenje m'chiuno zolimba, zala za kumapazi zinagwira dothi. Kho. Kampira kanayenda chapansipansi, kakuwaza madzi, n'kuima poonekera. Anakalondola. Kho. Anakalondolanso. Sankathamanga, sankakhota, ngati munthu wopita kuchigayo ndi thumba pamutu. Pofika padzenje a Sikelo anawerenga, n'kuchotsa kunayi kuja, n'kupeza kuti zotsala za Nanzunga n'zochepa mochititsa manyazi kuzitchula.

Zinayenda choncho dzenje ndi dzenje. A Kamtedza akaona kuti atsalira ankamenya mwamphamvu, mpira n'kukwera kwambiri, n'kumira kwambiri. Wina unapita m'munda wa tiyi kukapeza abale ake. Pa dzenje lina anazungulira ndi mphamvu zonse, miyendo inathawa, anakhala pansi thapsa. Buluku lawo loyera linasanduka la mtundu wa njerwa. Nsapato imodzi inatsalira m'matope, a Sikelo n'kuizula ngati chinangwa.

A Kamtedza anayandikira akazi awo n'kunong'ona. “Make Lonjezo, pulaizi ija titsitseko pang'ono. Ndinalankhula mothamanga.”

“Katundu wogulidwa sabwezedwa, bambo. Pashopu panga zinalembedwa.”

“Ndine mwamuna wanu.”

“N'chifukwa chake sindinakwere basi. Menyani, mvula ikubweranso.”

Pa dzenje lomaliza kampira ka Nanzunga kanali patali ndithu, mtunda woti aliyense akanamenya kawiri. Anawerama, anayang'ana, n'kukagunda pang'ono. Kanayenda, kanapinda kokha potsetsereka, kanazengereza pamlomo pa dzenje, n'kugweramo, khobo. Pakhonde paja anthu anaimirira n'kuwomba m'manja, wophika wa pa kalabu akuimba nthungululu pawindo. A Malikebu anaponya chipewa m'mwamba, chinagwera m'matope, sanadandaule. A Sikelo analengeza kuti ngakhale pulaizi ija ataidula pakati, mlamu wawo wapambanabe.

Koma Nanzunga sankamva zonsezo. Anali chiimire, akuyang'ana m'kadzenje muja, nkhope ikuwala mwachilendo.

“Amalume,” anatero motsitsa, “kaphokoso kaja mwakamva? Ndingamenyenso kamodzi?”

A Malikebu anayang'ana mkamwini wawo ndi chisoni chenicheni.

A Kamtedza anadzitonthoza sabata yonse kuti palibe kanthu, gofu watha, azipita limodzi kumaukwati monga banja. Loweruka m'mawa anapeza suti yawo itasitidwa, ili pabedi. Pabalaza panali Nanzunga, atavala kapusi ya amuna awo, chikwama cha ndodo chili paphewa, makiyi a galimoto ali m'manja.

“Mukupita kuti?”

“Ku gofu. Inu muli ndi ukwati kwa Bvumbwe m'mawa uno, masana chiliza cha azakhali anga ku Luchenza. Minibasi sizivuta. Zaperekaniperekani zili m'thumba la jekete. Muzivina ndithu, osangoponya ndalama ngati mukudyetsa nkhuku.”

“Tinapangana zimenezi?”

“Tinapangana kuti wogawa ndine. Ndagawa.”

“Nanga anthu akafunsa za inu ndinene chiyani?”

“Muwauze kuti ndatanganidwa ku fakitale.”

Mwina mukufunsa ngati banja lotere limalimba, loti wokonda gofu n'kumasewera ndi mmodzi. Linalimba, ana inu. Sutikesi inabwerera pamwamba pa wodilopu ndipo inachita fumbi. A Kamtedza anadziwa mayina a abale onse a mbali ziwiri, ananenepa ndi mpunga wa maukwati, ndipo anatchuka ndi kavinidwe kena kogwedeza mapewa kamene ana ankakatsanzira. Nanzunga anabweretsa chikho cha kalabu n'kuchiika pamwamba pa wailesi. Madzulo ankafotokoza dzenje loyamba, lachiwiri, mpaka lomaliza, a Kamtedza akuti, “Zikomo, mayi.” Alendo akafunsa za chikho, a Kamtedza ankayankha msanga kuti mphunzitsi wake ndi iwowo, ndipo Nanzunga sankatsutsa. Imeneyo inali pulaizi yawo.

Chaka chisanathe, pakhomo panafika amayi ena a kutchalitchi, achilendonso, ndi sopo, mchere ndi shuga. Anapeza a Kamtedza akupukuta nsapato za ku ukwati.

“Tikuyendera abambo oferedwa. Takhala tikukuonani nokha paliponse.”

A Kamtedza anatenga sopo uja n'kupita naye kwa a Malikebu. Anamuika patebulo. “Amalume, onani zimene mwana wanu wandichita. Loweruka langa lonse lapita, ndodo zapita, galimoto ndimaiona Lolemba.”

A Malikebu anamutembenuza sopoyo, n'kumununkhiza.

“Anapempha mkazi wokonda gofu ndani?”

“Ndine.”

“Anakweza pulaizi ndani?”

“Ndine.”

“Anayang'ana kumwamba mwezi wathunthu ndani?”

“Ndinenso.”

Ndiye wolipira pa malonda aja anali iwowo, ndipo mtengo wake unali Loweruka lililonse mpaka imfa, lomwe lija ankati alipeza laulere. A Malikebu anawabwezera sopo wawo n'kunena mawu amene mpaka lero timawanena:

“Kasambeni, mkamwini. Walira mvula, walira matope.”