A Thombozi Atsala Mainchesi Atatu

Usiku wathawu ndinalota msonkhano wathu wa Loweruka, anzanga, ndipo musaseke kaye. Mukudziwa kuti ndine ndinakakamira, monga mlembi wa bungwe la matelala pa Balaka pano, kuti chaka chino tisaphe mbuzi ya phwando, koma tiitane katswiri wa bizinesi adzatiuze mmene tingalimbanirane ndi kaunjika. A Wapampando anavomera monyinyirika, n'kunena pamaso panu kuti zikavuta za ulembi ndiiwale. Ndinagona ndi mawu amenewo.

M'malotomo katswiriyo, a Thombozi a ku Blantyre, anafika pa nthawi yake, zomwe zinadabwitsa aliyense. Anali wamtali, suti yake yosokedwa bwino moti tonse tinayamba tamuzungulira kuyang'ana msoko. Ndiye tepi yoyezera ili m'khosi mwangayi inadzutsa mutu n'kunena kuti, "A Mlembi, munthuyu mwamuitanira maola awiri. Ndamuyeza, ndi mainchesi 72. Pasatayike ngakhale kachidutswa." Ndinavomera, chifukwa tepiyi sinandinamizepo.

Holo inali ya kusukulu, kungoti sitima inkadutsa pakati mwakachetechete. Kumbuyo kwenikweni kunakhala mbuzi tinaisiya ija, itasanjikiza miyendo, ili ndi kope ndi cholembera. "Musandilabadire," inatero. "Ndangobwera kudzamva munthu amene walowa m'malo mwanga."

Ndiye tinayamba ndi pemphero, monga mwa pologalamu imene ndinalemba ndekha. Mkulu wa mpingo atangoti titseke maso anasanduka fulu, n'kupempherera telala aliyense pomutchula dzina, ndi makina ake omwe. Titati ameni ndinaona buluku la a Thombozi likusesa pansi. Tepi inanong'ona kuti mlendoyo watsala mainchesi 60.

Kenako a Wapampando anaimirira kuti anene mawu ochepa chabe, ndiye mwadzidzidzi anali nkhukundembo, khosi lofiira, kudzitukumula mozungulira tebulo. Anayambira chaka chimene anagula makina awo oyamba. Asanafike n'komwe pa makina achiwiri, maikolofoni inakhosomola. "Bwana, ine anandibwereka kuti ndidzagwire mawu a mlendo." Nkhukundembo inaijompha kamodzi n'kupitiriza.

A Khansala anafika mochedwa ali kale bakha, ndiye mwaulemu tinayambiranso malonje onse kuti nawonso amve. "Ine sindinakonzekere kulankhula," anatero bakhayo, akutulutsa mapepala asanu ndi awiri kunsi kwa phiko.

Apa n'kuti a Thombozi miyendo ikulendewera pampando, botolo la madzi akulinyamula ndi manja awiri, koma akuomberabe m'manja aliyense akamaliza. Ndinagwada kuti ndiwapepese. "Musadandaule, a Mlembi," anatero ndi timawu tating'ono. "Kulikonse kumene amandiitana zimatha chonchi. Ku Ntcheu ndinabwerako m'thumba la malaya."

Mzere wachitatu kunali a Nasibeko, osoka mayunifomu aja, dzanja lili m'mwamba chiyambire m'mawa mpaka timba anamangapo chisa. "A Mlembi, funso langa ndi limodzi lokha," anatero. "Makina angawa ndigulitse kapena ndipirire? Miyezi itatu tsopano ndikungoika zigamba." Ndinawauza kuti mafunso ali pa nambala 15. Zinandipweteka, koma ndi zimene zinalembedwa.

Ndiye analankhula msungichuma, amene anali nungu, ndi wachiwiri kwa wapampando, ndi woimira atsikana ophunzira kusoka, ndi bambo wina amene palibe ankamudziwa koma anavala tayi. Mwadzidzidzi tepi inandithina pakhosi. "Atsala mainchesi atatu. Pa pologalamu patsala dzina limodzi. Dumphani."

Ndinayang'ana papepala. Nambala 13: Mlembi kudziwitsa anthu za mlendo.

Anzanga, ndinkadziwa bwinobwino choyenera kuchita. Koma mawu amenewo ndakhala ndikuwayeserera pagalasi milungu itatu, ndipo jekete ndinasoka yatsopano. Ndinati ndingonena mawu awiri. Nditatsegula pakamwa ndinamva khosi likufufuma, manja anga ali obiriwira, ndili chule pamwamba pa tebulo. Kunena zoona, zinkakoma. Ndinafotokoza kumene a Thombozi anabadwira, kumene anaphunzira, mmene ndinawapezera, ndi mmene ena anakanira.

Pamene ndinkati tsopano nthawi ndi ya mlendo wathu, anali ataima pa bobini ya ulusi, maikolofoni itawerama mpaka pansi kuti iwapeze. Mbuzi inakonzeka ndi cholembera.

"Zikomo a Wapampando," anayamba a Thombozi. "Zikomo a Khansala, a mkulu wa mpingo, a msungichuma, bambo a tayi, a Mlembi..."

Atatchula ine anathera pomwepo. Panangotsala suti, ndipo matelala anayi anali atayamba kale kukangana kuti msoko uja ndi wa pamanja kapena wa makina. A Nasibeko anatsitsa dzanja, n'kusenza makina awo, n'kukwera sitima ija osatsanzika. Mbuzi inabwera kutsogolo, inandionetsa kope lopanda kanthu, n'kudya pologalamu yanga pang'onopang'ono, ikundiyang'ana m'maso.

"Mukanapha ine, bwenzi pano mutakhuta," inatero.

Ndinafuna kuiyankha, koma ndinangomva kuti khwa, khwa, khwa. Nditadzidzimuka kutulo, anali mayi a kunyumba pakhonde, akugwedeza ayironi ya makala kuti asite jekete ija. Pologalamu inali pampando pomwe ndinaisiya. Ndisanasukusule n'komwe ndatenga cholembera n'kufufuta nambala 13. Atsala anthu khumi ndi awiri a Thombozi asanalankhule, ndipo atatu mwa iwo ndinu mwakhala apa mukusekanu. Cholembera ndi ichi.