Mapeyala a kwa Apongozi

Nkhani iyi ndakhala ndikuibisa zaka zambiri, koma poti akabaza onse pa Golomoti amaidziwa kale, bola muimve kwa mwiniwake. Manyazi ake mpaka lero sanathe.

Nthawi imeneyo ndinkapalasa njinga, kunyamula matumba a mpunga kuchokera ku Bwanje. Ndinali pachibwenzi ndi Agnesi, mtsikana wa kwaya, ndipo ukwati wathu anali ataulengeza kale kawiri kutchalitchi. Amayi ake ankandichemerera paliponse kuti mkamwini wawo ndi mnyamata wodzigwira.

Lamulungu lina ndinapita kukacheza. Agnesi anandibweretsera mapeyala amene amalume ake anabwera nawo kuchokera kumtunda. Ndinamenya atatu, mosapumira.

Sipanapite nthawi, kukhosi kunayamba kuyabwa, milomo n'kutupa ngati ndalumidwa ndi mavu. Apongozi, amene masiku onse ankandilankhula atabisala kuseri kwa chitseko, anatuluka chothamanga.

"Mayo ine! Anthu anena kuti ndamudyetsa kondaine mwana wa eni! Tiyeni kuchipatala!"

Kuchipatala anandibaya jakisoni, mpweya n'kuyamba kuyenda bwino. Apongozi anakana kudikira panja. Anati akufuna amve ndi makutu awo kuti mlandu si wawo. Anakhala pabenchi, Agnesi pambali pawo.

Adokotala anandigwira manja, n'kuwatembenuza, kenako anafunsa: "Achimwene, kodi mukagwiritsa ntchito mphira, thupi limayabwa?"

Ife pa siteji tikati mphira, timanena ija ya m'kapaketi, ya anthu akuluakulu. Ndipo zoona, tsiku limene ndinaiyesa ndinakanda sabata yathunthu. Ndinaganiza kuti bamboyu waona zonse m'magazi.

"Adokotala, funso limenelo bwanji tikambirane patokha?"

"Palibe chobisa apa. Muyankhe zoona, moyo ndi wanu."

"Yankhanitu, bambo," anatero apongozi.

Ndinayang'ana pansi. "Kamodzi kokha, adokotala."

"Kamodzi? Shuwa? Ine ndikuona ngati n'za tsiku ndi tsiku."

Tsiku ndi tsiku! "Ayi, ndikulumbira, ndi kawiri basi. Ku Mtakataka, nthawi yokolola. Ndinali nditamwa, satana anandinyenga."

Apongozi anatembenukira mwana wawo. "Agnesi! Iwe?"

"Ine amayi? Ku Mtakataka sindinapondeko chibadwire!"

Adokotala anavula magalasi, n'kuyamba kuwapukuta pang'onopang'ono.

"Achimwene, ine ndimanena mphira zimene mumamangira katundu panjinga. Taonani zidzolo zili m'manjamu. Thupi likamadana ndi mphira, nthawi zina limadananso ndi mapeyala, nthochi ngakhale mapapaya, chifukwa limaziona ngati chinthu chimodzi. Za ku Mtakatakazo ine sindinafunse."

Paja amati fisi akagwa m'mbuna salankhula. Ndinalakalaka milomo ija itatupanso, mwina anthu akanandimvera chisoni, koma jakisoniyo anali atagwira ntchito yake bwino kwambiri.

Pobwerera, Agnesi ndi amayi ake anakwera minibasi. Ine ndinatsala pamsewu ndekha, ndikuwerenga mitengo.

Ukwati unaimitsidwa. Ankhoswe anakhala pansi katatu, ine ndikugwada mpaka maondo kuchita zikang'a. Agnesi anandikhululukira patatha miyezi isanu, ndipo lero tili ndi ana atatu. Katundu ndimamanga ndi chingwe cha khonje.

Koma apongozi saiwala. Chaka chatha nditapita kukawaona, anatuluka okha ndi mbale ya mapeyala, n'kugwada mwaulemu wonse.

"Amayi, mwaiwala kodi? Amenewa amandidwalitsa."

"Sindinaiwale, bambo. Ndimati mudyeko limodzi, mwina pali zina zatsopano zoti timve."

Abale, funso mukapanda kulimvetsa muzifunsanso, osathamangira kulapa pamene palibe wansembe.