Kabotolo ka Akazi Anga Kadakali Paulendo

Kwa Bwana Mkulu Woyang'anira Kayendetsedwe ka Ntchito,
Pachipatala Chathu Chachikulu.

Bwana wolemekezeka,

Ndayamba ndasamba m'manja ndisanagwire cholembera, poti ndikulembera munthu amene nkhope yake sitinaionepo koma chidindo chake tonse timachigwadira. Ine ndine kalipentala, sukulu ndinalekezera panjira, ndiye mukapeza mawu opindika muwaongole nokha.

Akazi anga agonekedwa mu wodi ya amayi, bedi lachitatu kuchokera pakhomo. Ali ndi chotupa kubere lakumanzere. Masabata asanu ndi anayi apitawo adokotala anadulako kanyama kochepa ngati nyemba, n'kukaika m'kabotolo kuti kakayezedwe. Anati opaleshoni sangachite mpaka zotsatira zitabwera. Zotsatirazo sizinabwere. Sindikudandaula ayi, Bwana. Ndalemba kuti ndithokoze, chifukwa m'masabata amenewa mwandiphunzitsa mmene chipatala chamakono chimayendera.

Choyamba, zikomo chifukwa chotseka kawindo. Kale pakhoma la wodiyi panali kawindo koyang'ana ku labu, kumene amayeza zinthu. Namwino ankagogoda ndi chala, n'kupereka kabotolo, ndipo sabata isanathe pepala linkatulukira pomwepo. Zachikale zimenezo. Panalibe kusaina, panalibe msonkhano, munthu ankangodziwa matenda ake basi. Chaka chatha mutapereka labu m'manja mwa kampani ya Yezani Msanga, khoma lija linasanduka malire a mabungwe awiri, ndipo munaona kuti malire sayenera kukhala ndi kawindo. Ndikudziwa bwino chifukwa amene munamuitana kudzakhoma thabwa pamenepo ndi ine. Misomali khumi ndi iwiri, ya mainchesi anayi. Ndinaikhoma ndi mtima wonse mpaka kapitawo wanu anandigwira chanza. Masiku ano ndimaswera pabenchi moyang'anana ndi thabwalo, ndipo ntchito ndinagwiradi yabwino, silikugwedera olo pang'ono.

Chachiwiri, zikomo chifukwa cha ulendo umene mwakonzera kabotolo. Kuchokera pabedi la akazi anga kufika pamakina oyezera ndi mamita asanu ndi limodzi, ndinayeza ndi tepi yanga. Koma inu, podziwa kuti njira zachidule zimaononga khalidwe, munalamula kuti kabotolo kaziyamba kakwera masitepe kupita ku Ofesi Yotumiza Zoyeza. Kumeneko kamadikira Lachiwiri, tsiku limene njinga yamoto imabwera kudzakatenga kupita nako kulikulu la kampani, kutsidya kwa tauni, kuti akakamate kapepala ka mizeremizere. Kakatero kamabwerera, n'kulowera geti yakumbuyo, n'kufika kuseri kwa khoma lomwe lija. Ulendo woyamba anakabweza chifukwa fomu inali yobiriwira, pamene m'mawa womwewo munali mutasintha kuti izikhala yachikasu. Ulendo wachiwiri kulikulu kunalibe netiweki. Akazi anga chibadwire sanakwerepo njinga yamoto, amaopa, koma kanyama kawo kakwera kasanu ndi kamodzi osalipira kalikonse.

Chachitatu, ndithokoze mamanijala anu, omwe ndawayendera mmodzimmodzi. Manijala wa Ubwino wa Ntchito anandiuza kuti kabotolo kakangotuluka pakhomo la wodi, nkhaniyo ndi ya kampani. Kukampani, Manijala wa Makasitomala anandifotokozera mofatsa kuti kasitomala wawo si akazi anga koma chipatala, choncho woyenera kufunsa ndi chipatalacho. Nditabwerera, anandiuza kuti amene amafunsa m'malo mwa chipatala ndi Mlumikizi wa Mabungwe, ndipo mpando umenewu ulibe munthu, ukudikira komiti. Komitiyo siingakumane popanda Mlumikizi, poti ndiye amaitana msonkhano. Onsewa anandilandira bwino, anandipatsa pokhala. Mipando yake ndi yabwino zedi, ndinaisuzumira kunsi, zolumikizira zake n'zolimba.

Chachinayi, ndipo apa mundikhululukire ngati ndikuulula zosayenera, kabotoloko ndikudziwa pamene kali. Lachinayi lapitali masana ndinakumana ndi bambo woyeza wa mu labu akugula nthochi pageti. Nditatchula bedi lachitatu, anayang'ana uku ndi uku, n'kunena motsitsa mawu kuti, “Achimwene, kabotolo kanu ndimakaona tsiku lililonse, kali pashelefu yachiwiri. Ndi ntchito ya masiku anayi imeneyo. Koma kompyuta ikuti sikanafike, ndiye ndikangokagwira, basi ntchito yatha.” Ndinafufuza chifukwa chake kompyuta ikutero. Akuti mayi amene amadina batani losonyeza kuti chinthu chafika ali kumaphunziro a mwezi wathunthu, ophunzira kutumikira odwala mwachangu. Ndikuyamika kuti mumaphunzitsa antchito anu, Bwana, ndipo bambo woyezayo musamulange, lamulo lanu sanaliphwanye.

Chachisanu ndi chaching'ono. Lachisanu lililonse kumabwera mayi wa kuofesi kwanu ndi pepala la nkhope zitatu, yosekerera, yongoti duu, ndi yokwinya, kuti odwala achonge mmene akumvera ndi chisamaliro. Akazi anga analeredwa kuti mlendo sam'kwinyira nkhope, ndiye amachonga yosekerera. Achonga kasanu ndi kanayi tsopano. Ndamva kuti wodi yathu ndiyo ikutsogola pa kukhutira kwa odwala, ndipo ndanyadira kuti banja langa lathandizapo.

Anamwino ndilibe nawo chifukwa. Asisita aakulu a mu wodi, amene odwala amangowatcha Amagalasi, aimba foni mpaka pakhosi pauma. Adokotala akafika pabedi lachitatu amatsegula faelo, n'kuitseka, n'kuyang'ana pansi ngati alakwa ndi iwo. Sabata yatha anati, “Bambo, ndikanakhala ndi pepala lija lero, mawa bwenzi tili kutiyeta kuchita opaleshoni.” Ndinawauza kuti asade nkhawa, zonse zili m'manja mwa akuluakulu.

Tsopano ndikuuzeni za mwini kanyamako, ngakhale ndikudziwa kuti pa tchati chanu cha maudindo, cha mabokosi ndi mivi, palibe bokosi lake. Tikubwera, chotupa chinali ngati chala chachikulu. Lero chili ngati dzira, ndipo china chayamba m'khwapa. Mkono sukukwera, duku akuwamanga ndi mwana wathu wamkazi, amene wasiya ntchito yake yosoka kuti azikhala pafupi. Dzulo akazi angawo anayang'ana thabwa lija nthawi yaitali, kenako anandifunsa kuti, “Bambo a mwana, nyundo yanu munaisiya kunyumba?” Ndinati eya. Ndinanama, ili m'chikwama changa pansi pa benchi. Koma ndinaganiza kuti ngakhale nditazula misomali yonse, kompyuta idzanenabe kuti kabotolo sikanafike. Takhala limodzi zaka makumi atatu ndi chimodzi, Bwana, ndipo sindinawanamizepo kufikira dzulo. Ndikuchita mantha, ndipo iwonso akudziwa kuti ndikuchita mantha.

Pempho langa ndi lochepa. Sindikuti mufulumizitse kabotolo, ndikudziwa kali ndi ndondomeko yake. Kungoti m'chipatala chonsechi ndapezamo chinthu chimodzi chokha chimene sichinalandire kalata yanu ya kayendetsedwe katsopano, ndicho chotupacho. Sichidzaza fomu, sichidikira Lachiwiri, Loweruka ndi Lamlungu chimagwira ntchito, ndipo palibe manijala amene chimam'mvera. Chonde chilembereni kalata, muikepo chidindo chanu, muchilamule kuti chiime kaye mpaka komiti itakumana. Ndidzabwera kudzaitenga ndekha, ndikaiwerenge mokweza pachifuwa pa akazi anga.

Ngati mukuona kuti chotupacho sichili pansi pa ofesi yanu, ndimvetsa. Mungondilozera ofesi imene imasainira kuti mtembo utuluke, ndiyambiretu kuima pamzere lero, kuti ulendo umenewo wokha akazi anga asachedwe.

Ine wanu wogwada, woombera m'manja ndi wosadandaula,

Mwamuna wa mayi wa pabedi lachitatu.