Batire la Mayi Ida ndi Mamilisekondi a Profesa

Pulani inabadwira pa kachasu kwa Nazombe, Lachiwiri masana, anthu olongosoka ali kumunda kokolola nandolo. Mwini wake anali Dickson, amene anzake ankamutcha Profesa chifukwa anasesapo mu labu ya sekondale ina miyezi itatu asanamuthamangitse.

"Mbava zimagwidwa chifukwa zimawerenga nthawi m'maminitsi," anatero Profesa, akuika foni yosweka galasi pabenchi. "Sekondi imodzi, aise, ukaiduladula tizidutswa chikwi, kamodziko ndi milisekondi. Kameneko ukakadulanso, mayikrosekondi. Kutsogoloko kuli nanosekondi. Akatswiri amayeza sekondi ndi atomu, kanthu konjenjemera maulendo mabiliyoni naini pa sekondi imodzi."

"Kali ndi malungo?" anafunsa Diso, mlonda wa gululo.



Wachitatu, Sitima, za atomu analibe nazo ntchito. Iye anali mkamwini, ndipo mkazi wake Margret anali atamuuza mosapsatira: nyumba zonse pamudzipo zikuwala ndi sola, yawo yokha ndiyo ya koloboyi. Akapanda kubweretsa batire pofika Lamulungu, abwerere kwawo kwa Chiwalo. Sitima ankamukonda Margret, komanso kwa Chiwaloko analibe ngakhale kadimba.

Batire linali pashelefu m'golosale ya mayi Ida pamsika. Ikakwana thwelofu, mayiwo ankazungulira kuseri kukavundula nyemba. Profesa anali atawayeza: masekondi 41 ndi mamilisekondi 230.

Masiku atatu anayeserera kudambo, Sitima akuthamanga ndi chimwala pamimba, Profesa akudina foni. Pomwe anayesetsa kwambiri anapanga masekondi 12 ndi mamilisekondi 400.

"Wosatsika pansi pa thwelofu si mbava," anatero Profesa. "Ndi kasitomala."

Mawuwa anamulasa Sitima. Moyo wake wonse palibe chimene anthu anamuyamikirapo, ndipo apa chinkamulepheretsa chinali kanthawi kongokwana kuphethira kamodzi.

Loweruka thwelofu koloko, mayi Ida anazungulira kuseri. Diso anakanda mutu, chomwe chinali chizindikiro. Sitima anachoka ngati mwala wa legeni, n'kulowa, n'kutuluka batire lili pamimba, mpaka kuseri kwa chigayo kumene Profesa ankadikira. Palibe anamuona, ngakhale mbuzi.

"Zingati?" anafunsa ali wefuwefu.

Profesa anayang'ana foni nthawi yaitali. Panali maziro okhaokha.

"Sindinadine."

"Inali leveni imeneyi. Ndikumva m'thupimu."

"Sayansi siyendera za m'thupi, aise."

"Ine ndaona ngati fifitini," anatero Diso, amene anali atasiya ulonda kuti adzamve zotsatira.

Tsono njira ya kwa Margret inali pomwepo, yopanda ngakhale munga. Munthu wina aliyense akanasenza batire n'kukagona powala. Koma anyamatawa anakangana, akulumbira pa amayi awo, ndipo mkanganowo, umene unatha maminitsi atatu athunthu, palibe anauyeza.

"Tibwereze," anatero Sitima.

"Ndiye ukalibweze kaye pamalo pake," anatero Profesa. "Muyeso umayambira pamodzimodzi."

Sitima analowanso. Ankalikhazika bwinobwino, akulondola chizindikiro cha fumbi pashelefupo, pamene anamva kutsokomola. Mayi Ida anali pakhomo, chipande chili m'manja.

"Mukutani, a Sitima?"

"Ndikubweza, mayi."

"Mukubweza chimene munagula liti?"

Mayiwo anakoka chitseko n'kukhoma loko. Profesa ndi Diso akanatha kuthawa, koma ulendo uno Profesa anali atadina, ndipo anabwera pawindo kudzafunsa ngati aimitse. Amuna ogulitsa nandolo anawakhazika onse awiri pansi, n'kuwavula malamba kuti asathawe.

Apolisi asanafike, anafika Margret ndi jumbo ya buluu. Anaima pawindo, nayang'ana mwamuna wake amene anakhala pathumba la mchere. Sitima anamva manyazi mpaka kumapazi.

"Akuti batire linali kale m'manja mwanu?"

"Linali."

"Kunja?"

"Kuseri kwa chigayo."

"Ndiye?"

"Sanadine."

Margret analowetsa jumboyo pakati pa zitsulo za windo. Munali malaya awiri, buluku ndi nsapato za kutchalitchi.

"Akakakutulutsani, mulunjike kwa Chiwalo," anatero. "Muziyenda pang'onopang'ono. Palibe akukuyezani."