Mimba ya Pusi Yasanduka Khoma Lathu

Malo tawapeza, anzanga! Chipinda cha makompyuta satilandanso, kalabu yojambula sikutha, ndipo zithunzi zathu akuziona anthu a m'mayiko oti ngakhale aphunzitsi a jogalafe amachita kuwasaka pamapu. Koma mpikisano sitinapambane ayi. Tinagonja moti ngakhale pomalizira sitinafikepo. Dikirani ndipume kaye ndikuuzeni bwinobwino, chifukwa m'nkhani yomweyi mwabadwa mwambi. Ena akuuzani kuti mwambiwo ngwakalekale. Asiyeni amenewo. Unabadwira m'chipinda chathu chomwecho, ndipo chiyambi chake ndi ichi.

Pa intaneti pali dziko lina lomwe a kalabu amangolitchula kuti Kutsidya. Munthu akavala chigalasi chija chophimba maso amangopezeka ali komweko, misewu, misika, mabwalo, zonse zojambulidwa ndi manja. Kumeneko sulowa ndi thupi lakoli. Umajambula thupi lina, lomwe amati avata, ndipo ukatukula dzanja kuno nalonso limatukula uko. Wina ndi nsomba yoyenda ndi miyendo, wina ndi mtambo wovala nsapato. Onse ndi amisiri ojambula, ndipo ukalankhula Chichewa makina amawamasulira m'zilankhulo zawo. Chigalasicho pasukulu pano n'chimodzi. Otsala amaonera pa sikirini yapakhoma, kapena kulowa ndi kompyuta wamba.

Ndiye ahedi anali atatopa nayo kalabuyi. Anati ana akungotha magetsi, chipindacho akufuna asungiremo madesiki othyoka. Madamu Chingwalu, amene amayang'anira kalabu, anachonderera mpaka ahedi anati chabwino, mundionetse malo enieni pomwe anthu akuona zojambula za sukulu ino, apo ayi teremu ikamatha makiyi abwerere ku ofesi. Mwayi unalipo umodzi. Chaka chilichonse Kutsidya kumakhala chionetsero. Maavata amayenda kudutsa pamsika, n'kufika pabwalo lalikulu, n'kukwera makwerero aatali kukaonekera kwa oweruza. Wopambana amapatsidwa khoma pabwalopo kuti azipachikapo zithunzi zake.

A kalabu anajambula pusi, poti apusi a m'phiri lathu ndi amene amatchukitsa sukulu ino pobera anthu zitumbuwa. Nkhope anaijambula Ndaziona wa Fomu 3, ena miyendo, ena mchira. Anatuluka pusi wowonda bwino, wa changu, kamimba koyera kuti mbee. Womuvala anali Mzati wa Fomu 4, tcheya wa kalabu.

Mzatiyu si munthu woipa. Vuto lake n'lakuti mtima wake uli ngati wa mwana wolowa m'golosale koyamba. Akaona chokongola, pakamwa pamatseguka pokha. Ndipo Kutsidya kuli mwambo: ukayamikira chinthu chomwe mmisiri wapanga, amakupatsa pompo, chimadzimata kumsana kwako, ndipo kuchivula n'kutukwana mwiniwake. Kulinso lamulo lakuti chilichonse chili ndi kulemera kwake, ngati kuno komwe. Madamu anamuuza Mzati zonsezi pomumanga chigalasi. Anati pamsika adutse ngati munthu wopita kumaliro, akaona chomusangalatsa angobayibitsa dzanja. Mzati anavomera ndi mutu, mumtima akuti nkhani yaing'ono ngati imeneyi akuibwerezeranji.

Anayamba bwino. Pusi ankayenda monyadira, mchira uli m'mwamba, anthu akumupatsa njira. Atangolowa mumsika anakumana ndi mayi wina wooneka ngati kakowa wagalasi, akupanga mapiko a gulugufe owala ngati mafuta atayikira pamadzi. Mzati anabayibitsa dzanja monga anamuuzira. Dzanjalo lili m'mwamba, anangomva mawu ake omwe akutuluka:

"Ichi chakoma."

Phaa, mapiko kumsana. Ndipo kunena zoona anamukhala. Chipinda chonse chinaomba m'manja, ngakhale Madamu anamwetulira, ndipo kuomba m'manja kumeneko ndi kumene kunamuwononga Mzati. Anaganiza kuti ngati mapiko okha asangalatsa anthu chonchi, nanga oweruza akadzaona zinthu ziwiri? Pafupi pomwepo panali mkulu wina akuluka mchira wa pikoko wotambasuka ngati lichero. Mzati anauyamikira. Patsogolo pang'ono panali ng'oma yodziimba yokha. Anaiyamikira. Kenako chigoba cha kamba chokhala ndi dimba la maluwa pamwamba, pakati pali kasupe wotumphuka madzi. Apa anayesetsa ndithu, analuma mlomo, anadutsa. Koma anabwerera, poganiza kuti mwini chigobayo anamuona akuyamikira za anzake, ndiye kumudumpha yekha kukanakhala kusankha.

Uthenga unafalikira mumsika kuti kwabwera pusi wa mtima wabwino, woyamikira chilichonse. Amisiri omwe zinthu zawo zinali zisanayamikiridwepo ndi munthu anathamanga kudzafola m'mbali mwa njira. Wina ananyamula nyale ya mumsewu ndi mtengo wake womwe. Wina wotchi yaikulu ya pansanja. Wina bwato. Mzati ankati akatembenukira uku, ichi chakoma, akatembenukira uko, ichinso chakoma, ndipo kumsana kunkangomveka phaa, phaa, ngati akumenya matope pakhoma.

M'chipinda muja kuomba m'manja kunali kutatha kalekale. Ndaziona anafika pafupi ndi khutu lake.

"Aise Mzati, pusi wathu uja ali kuti? Ine ndikuona lole ya anthu osamuka."

"Iwe sukuona bwino chifukwa uli kunja," anatero Mzati. "Mkati muno n'zokongola zedi."

"Nanga miyendoyo ikunjenjemereranji?"

"Ikuvina. Sukumva ng'oma?"

Komatu miyendo inkanjenjemeradi, ndipo Mzati ankadziwa. Pusi ankayenda ngati nkhalamba yosenza thumba la chimanga. Apa m'pamene inamubwerera nzeru yomwe iye anaiona ngati ya chaka chonse. Avata umatha kumukulitsa. Pusi akakula, miyendo ikula, katundu apepuka. Madamu asanatsegule pakamwa, Mzati anali atadina kale. Pusi anafufuma, anaposa mitengo, anafika msinkhu wa holo yathu. Chomwe sanaganize n'chakuti zomata kumsana zimakula limodzi ndi msanawo. Wotchi ija inasanduka ngati thanki ya madzi. Bwato linakhala loti kalasi yonse n'kukwanamo. Ndiye poti msana unakula, panapezekanso malo, ndipo asanatuluke mumsika anawonjezerapo mlatho waung'ono ndi mtengo wa mapapaya.

Mmene amafika pabwalo n'kuti anthu atasiya kuonera anzake onse. Mzati anamva phokoso la khamulo, mtima wake unadzaza, anati khoma lija talitenga kale. Anayamba kukwera makwerero atawerama kwambiri kuti katundu asamukokere kumbuyo. Kuno nakonso anali atawerama chimodzimodzi pakati pa chipinda, matako m'mwamba, thukuta lili kamukamu, akupalasa mpweya ndi manja. Palibe anaseka, poti pusi ankakweradi. Pang'onopang'ono, ng'oma ikulira, kasupe akumuthira madzi m'khosi, mapapaya akugwa m'mbuyo, anafika poti nkhope za oweruza ankaziona.

Pamwamba pa mitu ya oweruzawo pankayandama mwezi. Unali wopangidwa ndi mikanda yoyera yokhayokha, ukuzungulira pang'onopang'ono, ndipo anaupanga mmodzi mwa oweruza omwewo. Mzati anauona ndi kona ya diso. Anadziuza kuti sayang'ana. Kenako anadziuza kuti kuyang'ana kokha sikulakwa. Anadzutsa mutu, anawongola msana kuti auone bwino, ndipo kumbuyo kwake anamva a kalabu onse akunong'ona ngati njoka kuti tseka pakamwa, tseka pakamwa. Iye anatsekadi. Koma mweziwo unatembenuka, mikanda inathwanima yonse nthawi imodzi, ndipo mawu anadzipezera okha njira.

"Koma ichi ndiye chakoma."

Phaa.

Pusi anaima kaye chilili, manja akupalasa m'mwamba ngati akutsanzika. Kenako anapita. Gubudu gubudu makwerero onse, wotchi ikulira, ng'oma ikuimba ya chisangalalo, maavata akubalalika, mpaka pakati penipeni pa bwalo, chagada, khuu! Nthawi yomweyo kuno Mzati naye anapita chambuyo, anagwera pa mulu wa zikwama zathu, miyendo m'mwamba, nsapato imodzi inakagunda denga.

Sanavulale. Koma kudzuka Kutsidya kunakanika. Mtengo wa nyale ndi nsonga ya bwato zinali zitazikika pansi, ndipo kuvula mphatso sikuloledwa. Pusi ankangophiriphitha miyendo ngati kachilombo kogudubuzika. Oweruza analengeza kuti wapambana ndi nsomba ya miyendo ija, n'kuipatsa khoma. M'chipinda muja Madamu anakhala pansi, akuyang'ana makiyi m'manja mwawo.

Mzati sanavule chigalasi. Ankaopa nkhope za anzake. Anangogona pomwepo pazikwama akuyang'ana thambo la Kutsidya, akuganiza za madesiki othyoka, ndi mmene dzina lake lizidzatchulidwira pasukulu ino iye atachoka. Ali chigonere choncho anaona nsonga ya makwerero a matabwa ikutsamira m'nthiti mwake. Anakwera mtambo wovala nsapato uja, burashi ili m'manja. Unaima pamimba pa pusi, unayang'ana uku ndi uku. Paja mphatso zonse zinapita kumsana, ndiye kutsogolo kunali kopanda kanthu: chimimba choyera, chosalala, chachikulu ngati bwalo la netibo. Ndipo mmisiri wojambula akaona malo oyera otero, manja amamuyabwa. Mtambowo unafunsa mwaulemu kuti khoma lokongolali n'la yani, ndipo kodi n'kujambulapo kambalame kamodzi?

Apa Mzati anachita chinthu chomwe anali asanachitepo tsiku lonselo. Anayamba waganiza asanalankhule.

"Ndi la sukulu yathu," anatero. "Jambulani m'mbalimo. Pakati mutisiyire eni ake."

Anzanga, zomwe zinachitika! Mtambo utajambula kambalame, kunabwera kakowa wagalasi uja. Kenako mwini chigoba, mwini bwato, onse omwe Mzati anawayamikira, aliyense ndi makwerero ake, poti ankamuona ngati m'bale wawo. Ndaziona anathamangira pa kompyuta, ena onse pambuyo pake, n'kuyamba kujambula pakati: phiri lathu, apusi akuthawa ndi zitumbuwa, dzina la sukulu mozungulira mchombo. Mzati ataona maburashi akuyenda pamimba pake anayamba kumva ngati akumugirigisha, ngakhale kuti palibe ankamukhudza. Anaphulika kuseka, chimimba chinagwedezeka, zithunzi zonse zinayamba kuvina, kambalame kaja kakuoneka ngati kakuuluka. Khamu lonse linasamukira pamenepo. Nsomba yopambana ija inatsala yokha pakhoma pake, kenako nayonso inabwera ndi burashi.

Oyang'anira dzikolo anabwera kuti achotse chopinga pabwalo, koma ataona khamulo anasintha maganizo. Anati pusiyo asadzuke. Malo wagonawo ndi a kalabu yathu, bola mwiniwake azibwera kudzagona momwemo anthu akamaonera. Ndiye moyo wa Mzati Kutsidya tsopano ndi umenewo. Ena amauluka, ena amasambira m'mitambo, iye akalowa amangofikira chagada, kuyang'ana kumwamba, alendo akuyenda pamimba pake.

Dzulo Madamu anakaitana ahedi. Analowa nkhope ili gwaa, akuyeza kale ndi maso pomwe madesiki adzakhale. Anaima patsogolo pa sikirini. Anaona dzina la sukulu yawo, anthu a mitundu yonse ataunjikana akuliwerenga, ena akufunsa kuti phiri lokongolali lili dziko liti. Anavula magalasi awo, anawapukuta, anavalanso. Kenako anayang'ana pansi, pomwe tcheya wa kalabu anagona pamphasa miyendo ili m'mwamba, ndipo anafunsa kuti kodi zinatheka bwanji kuti mwana wa Fomu 4, woti mayeso ali pafupi, afike pamenepa.

Madamu anayamba kufotokoza za mwambo wa mphatso ndi lamulo la kulemera, akusankha mawu kuti Mzati asachite manyazi. Ahedi sankamva kanthu. Ndaziona anaimika dzanja.

"Sala, nkhani yake njaifupi. Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada."

Ahedi anaseka mpaka anagwira desiki, misozi ili mbwembwembwe. Anati madesiki othyoka akawapezera kwina, ndipo lero pa asembule mwawamva nokha akuwabwereza mawuwo kwa aja amafuna kulowa makalabu onse nthawi imodzi.

Ndiye mawa tikangoweruka, nonse mubwere kuchipinda cha makompyuta mudzaone ndi maso anu. A Fomu 1 mukhale kutsogolo. Ndipo aliyense abwere ndi nthabwala imodzi yabwino, timuseketse Mzati, mudzaone phiri lathu likuvina.